Tsiku Limene Anazira Khoma la a Pulofesa Gama

Lufina anamva fungo la mtsiro asanatsike n'komwe m'galimoto. Mkazi wokulira kumapiri a Tsangano sangalisokoneze ndi lina fungo limeneli: dothi lakuda la kudambo, lonyowa, lopakidwa kumene. Anasuzumira kuseri kwa nyumba ya malata, kumene kunali kanyumba kaudzu ka malemu mayi ake. Khonde lake linali kunyezimira, ndipo pakhomo wina anali atagonekapo nthambi zaminga kuti nkhuku zisapondepo.

Nkhope sanaisinthe.

"A Fabiano, tawagwirani mbali iyo," anatero kwa mwini galimoto. "Tiwalowetse m'nyumba, dzuwali lawakwana."

Amene ankamugwirayo anali mlongo wake, Pulofesa Hilary Gama, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Ankachokera ku chipatala cha paboma kumene Lachinayi lililonse ankakamuwongola mkono ndi mwendo wakumanja, zimene sitiroko inapha miyezi inayi yapitayo. Anamukhazika pa mpando wake, Lufina n'kumupatsa madzi, n'kudikira mpaka maso ake atayamba kulemera. Kenako anatuluka, n'kulunjika kukanyumba kaja.

Chitseko chinali chomanga ndi chingwe monga mwa masiku onse. Loko sanaikepo chiyambire. Wakuba akanaba chiyani mmenemo, makala?

Makoma onse anayi anali osalala ngati chipumi cha mwana. Mmunsi munali mtsiro wakuda, pamwamba mzere wofiira wowongoka bwino, ntchito ya manja odziwa. M'mawa wa tsiku lomwelo makoma amenewa anali odzaza ndi zolemba, kuyambira pamene mkono wa munthu wamtali ungafike mpaka m'maondo: masamu a mlongo wake, ntchito ya zaka zisanu ndi zinayi, yolembedwa ndi makala. Panalibe pepala limene anakoperapo. Panalibenso chithunzi. Mkuja, Loweruka, ndi pamene Emma, amene anaphunzira m'manja mwa Pulofesayo ku Joni ndipo tsopano ankaphunzitsa ku yunivesite ku Zomba, anayenera kubwera ndi kamera kudzajambula makomawo mvula isanayambe.

Lufina anakhudza khoma ndi chala. Chala chinabwerera chakuda, chonyowa.

Anawapeza pa mjigo akusamba m'mikono, amayi asanu a kumpingo, ndowa zawo zili chafufumimba pa udzu. Patsogolo panali a Sheila, wapampando wawo, mkazi wonenepa amene anakwatiwa kuno kuchokera ku Sharpevale zaka makumi atatu zapitazo koma mpaka lero ankadandaula kuzizira.

"Wakutumani ndani?" anafunsa Lufina.

"Aa, aNagama, moni ndiye mwamusiya m'galimoto?"

"Moni mulandira mawa. Ndati wakutumani ndani?"

"Mulungu," anayankha Janeti, wamng'ono pa onsewo. Anzake anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Lufina phwete linawaumira pakhosi.

A Sheila anapukuta manja pa chitenje. "Lero ndi Lachinayi, mayi. Timayendera odwala. Inu nomwe chaka chatha munali nafe kwa a Jasper, ndipo khonde lawo munazira ndinu, mpaka kutinyoza kuti enafe tili ndi manja a khasu. Lero inali nthawi ya a Pulofesa. Tatunga madzi, tawaza nkhuni, tasesa. Nyumba yamalatayo ili ndi simenti, tikanazira chiyani? Ndiye tinati kanyumba ka agogo kaja kachita manyazi."

"Zolemba zija simunazione?"

"Tinaziona. N'chifukwa chake tinayambira m'katimo."



"Munthu anagwera momwemo, khala lili m'manja," anapitiriza a Sheila, mawu atawatsitsa. "Munatiuza ndinu. Nanga chinthu chimene chagwetsa munthu mumachisungiranji pakhomo? Akachira adzabwereramo, chidzawagwetsanso. Sitinachite mwachipongwe ayi. Tinayamba ndi pemphero."

"Ine ndinanena kuti tisiyeko kachilembo kaja konga foloko," anatero Janeti. "Kanali kokongola. Anandikaniza."

"Mwazira zaka zisanu ndi zinayi," anatero Lufina.

"Pepani, aNagama. Madzi akatayika..."

"Miyambi yanu kaphikeni ndiwo."

Anatembenuka n'kumapita. Chimene chinkamupweteka kwambiri m'njiramo chinali chakuti mawu a a Sheila sanali achilendo m'makutu mwake. Tsiku limene anamutola mlongo wake pansi, pakamwa patapotoka, iye mwini anayang'ana makomawo n'kuwatukwana mokweza, ngati munthu.

Atabwerera anatenga mpeni n'kuyesa kupala mtsirowo pang'onopang'ono pakona. Ankadziwa kale chimene apeze, popeza anayamba kuzira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Dzanja lonyowa likadutsa pa makala silisiya chilembo. Pansi pake panali chimtambo chakuda basi. Anayesa pena, n'kuyesanso pena. Pomaliza anakankha bokosi lachitsulo la malemu bambo awo, limene amayiwo analephera kulisuntha, ndipo kuseri kwake anapeza kachigawo kosazira, kukula kwake ngati malichero awiri. Tizilembo tinali pamenepo titapanikizana, tosadziwa kuti anzawo onse afa.

Anakhala pa bokosilo.

Bokosi limeneli bambo awo, a Paison Gama, anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni pamodzi ndi wailesi, jasi laubweya ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Nthawi imeneyo Hilary anali kamnyamata koonda kamene kankaiwala ng'ombe kubusa chifukwa chowerengera nthawi imene mwala umatenga kuti ufike pansi pa phompho. Lufina, wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, ndiye ankapita kukasaka ng'ombezo. Sukulu iye anailekera Sitandade 8. Hilary anasankhidwa kupita ku sekondale, kenako ku yunivesite ku Zomba, kenako ku Mangalande, kumene ankatumizako makalata onena za chipale ndi mbatata zopanda kukoma.

Tchuthi china, asanakwere ndege, bambo awo anamukhazika pa khonde la kanyumba komweka.

"Ntchito ukuphunzirayi, chipangizo chake n'chiyani?"

"Choko, bambo."

"Ndiye ndiwe mphunzitsi."

"Pang'ono. Koma makamaka ndimaganiza. Anzanga ena a fizikisi ali ndi makina oyesera zinthu. Ine ndimafufuza malamulo a chilengedwe ndi masamu okha."

"Kuganiza aliyense amaganiza," anatero mkuluyo, n'kutsokomola. "Ine ndinkaganiza ndili pansi pa nthaka, koma fosholo ili m'manja."

Anamwalira asanaone kuti mwana wawoyo naye adzathera ku Joni komweko, zaka makumi awiri ndi mphambu, osati pansi pa nthaka koma pa nsanjika yachinayi, patsogolo pa bolodi lalitali ngati khoma la tchalitchi. Lufina anapitako kamodzi, pa maliro a mlamu wake. Anaona mabuku okhala ndi dzina la Gama m'kati, anaona azungu ndi amwenye akuimirira mlongo wake akalowa, anaonanso kuti jekete lake linali loyera ndi choko m'matumba ndipo panalibe womuuza.

Atapuma ntchito, ana ake ali kutsidya kwa nyanja, Hilary anabwerera kumudzi ndi masutikesi awiri ndi funso limodzi limene linamukana moyo wake wonse. Analifotokoza kwa Lufina tsiku lina akusankha mbatata yambewu.

"Pali lamulo limene limagwetsa pichesi mumtengo, limenenso limayendetsa mwezi ndi nyenyezi. Ndiye pali lamulo lina la tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, timene tinapanga pichesiyo. Lililonse palokha ndi loona. Koma ukawaika m'nyumba imodzi amakana kuphikira pa moto umodzi."

"Mitala," anatero Lufina.

"Mitala yeniyeni, achemwali. Sindinganame kuti ndiwayanjanitsa onse. Ndikufuna kakhomo kamodzi kokha kamene angadutsire osatukwanana."

Bolodi limene anapangitsa kwa kalipentala linapindika ndi chinyezi cha mwezi wa Juni. Pa pepala ankati maganizo ake amachita mantha, amafuna aziyenda uku akulemba. Ndiye tsiku lina analowa m'kanyumba ka mayi awo, n'kutola khala, n'kuyamba pa khoma lakum'mawa. Lufina akamuuza kuti azikopera m'kope, yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: "Sizinathe." Munthu wina aliyense wodziwa masamu sankaloledwa kulowamo. Ngakhale zoti Emma abwere anakonza ndi Lufina, pa kafoni kake kamabatani, ataona kuti denga layamba kuonetsa nyenyezi. Hilary anakwiya masiku awiri, kenako n'kutulutsa mawu ake olemera aja amodziamodzi: "Ajambule. Koma asakhudze. Ndidzamaliza ndekha."

Lufina anamuuza m'mawa wa Lachisanu, atamaliza kumwa tiyi. Sanazungulire.

"Achimwene, khoma lapita."

Hilary anamuyang'ana. Chiyambire kudwala mawu ankatuluka ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chakuya. "Lagwa?"

"Likanagwa bwenzi tikutola zibuma n'kumalumikiza. Alizira. Amayi a kumpingo, dzulo, ife tili kuchipatala. Makoma onse anayi."

Dzanja lake lamanzere linagwira mkono wa mpando. Kunja tambala analira, wina n'kumuyankha kutali.

"Ndiperekezeni," anatero.

Mtunda wa mapazi makumi atatu unawatengera nthawi yophikira mbatata n'kupsa. Lufina anamukhazika pa mpando pakati pa kanyumbako. Hilary anazunguza mutu pang'onopang'ono, khoma ndi khoma. Diso lake lakumanja linkatuluka misozi nthawi zonse chiyambire sitiroko, choncho Lufina anayang'ana lakumanzere. Linali louma.

Anakoka mpweya ndi mphuno. "Dothi la ku dambo la kumunsi."

"Lomwelo."

"Mayi ankandisenzetsa. Ndikalemba pakhoma."

"Ankakusenzetsani dengu limodzi, ine atatu. Ati chifukwa sindinakuletseni."

Mbali yamoyo ya pakamwa pake inakwera pang'ono. Kwa kanthawi onse awiri anali m'nyumba ina, ngakhale makoma anali omwewa: mayi awo atagwada ndi mwala wokulungizira, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mosalondola mawu, wailesi ya ku Joni ikulira pa bokosi, chimanga chokazinga chikuthetheka m'phale, ana awiri akukanganira malo oyandikira moto pamene chifunga chatseka mapiri. Mwa anthu onse amene ankadziwa nyumba imeneyo anali atatsala awiri okha, ndipo mmodzi sankatha kumanga yekha mabatani a malaya.

"Khala," anatero Hilary.

Lufina anatola khala n'kumupatsa. Anamusendeza ndi mpando womwe kufupi ndi khoma lakum'mawa. Dzanja lamanzere linakwera, linakanda mzere wokhota ngati mapazi a nkhuku, khalalo n'kuthyoka. Anayesanso. Chimene chinatuluka ngakhale iye mwini sanachizindikire. Anaponya chotsalacho pansi.

"Lembani inu."

"Ine? Ndi Sitandade 8 yanga ya m'chaka cha njala?"

"Manja muli nawo."

"Khomali n'lonyowa. Makala sagwira pa mtsiro wauwisi, zimenezo ngakhale pulofesa ayenera kudziwa. Tidikire dzuwa lifike pamutu."

Anatsegula chitseko ndi kazenera, n'kuyatsa mbaula pafupi ndi khomalo kuti liume msanga. Anapita kukasankha makala olimba, a mtengo wa tsanya, osati ofewa amene amangonyenyeka. Dzuwa litapendeka pang'ono anayamba.

Poyamba zinali zosokonekera. Hilary ankatchula mayina a zilembo zachigiriki, Lufina n'kumangomuyang'ana.

"Nenani Chichewa. Kakuoneka bwanji?"

"Ngati... foloko. Ya mano atatu."

"Eya, kaja ka Janeti. Kenako?"

"Njoka. Yoimirira. Kumchira kwake ziro. Kumutu, eyiti wogona."

"Zaka zonse zija ku Joni munkakalemba njoka?"

"Lembani, achemwali."

Anagwirizana mayina. Panali foloko, njoka, denga, denga lozondoka, mbedza ndi kambale. Lufina ankalemba zilembo zikuluzikulu zoongoka, monga anaphunzirira pa sileti, ndipo akalakwitsa Hilary ankagogoda mpando ndi chala mpaka afufute. Sankamva kanthu pa zimene ankalembazo, koma anazindikira msanga kuti zinali ndi mayendedwe ake, ngati mizere ya m'munda: chimene chalowa mbali iyi chiyenera kutulukira mbali inayo. Kamodzi anaima yekha.

"Kambale kaja kapita kuti? Kanali pamwambapa, apa palibe."

Hilary anayang'anitsitsa. "Bwezeranipo," anatero, osamuyang'ana kumaso.

Khoma loyamba linali ntchito ya zaka zakale, imene Hilary anaibwereza m'mutu kambirimbiri, ndipo linatuluka ngati nyimbo ya pa Sande sukulu. Mawu ake anayamba kumasuka. Pakati pa masamu ankaponyamo nkhani: mphunzitsi wake wa ku Mangalande amene ankalemba ndi manja onse awiri, chaka chimene pepala lake loyamba linakanidwa katatu, tsiku limene mkazi wake anam'peza atalemba pa chitseko cha firiji n'kumuuza kuti asankhe pakati pa masamu ndi chakudya chamadzulo. Lufina anali asanamvepo zambiri mwa nkhanizi. Mlongo wake anakhala moyo wathunthu kutali, iye n'kumangolandira makalata a nyengo ndi moni kwa onse.

Pa khoma lachiwiri anayamba kukhumudwa. Kachigawo ka kuseri kwa bokosi kanawaolotsa pamalo pena pamene anaima nthawi yaitali. Dzuwa likulowa, msana wa Lufina unali utauma ndipo manja anali akuda mpaka m'zigongono. A Sheila anabwera ndi nkhuku yoyera m'khwapa, n'kuima patali osayerekeza kufika pakhonde.

"Ya odwala," anatero.

"Ikani m'khola. Ndipo Lachinayi likudzali mukayendere a ku Bwanje."

Loweruka m'mawa anamaliza khoma lachiwiri, n'kuyamba lachitatu. Apa ndi pamene panali ntchito ya zaka ziwiri zomaliza, yatsopano, imene munthu wina aliyense pa dziko anali asanaione. Analemba mizere isanu ndi umodzi. Lufina anaimika khala pakhoma, kudikira.

"Kenako?"

Lufina anatembenuka.

"Achimwene, kenako?"

Hilary anali atatseka maso. Anatsegula maso, n'kuwerenga kuchokera pamwamba, kutsika mzere ndi mzere mpaka pamene panali khala la Lufina, n'kuima ngati ng'ombe pa mtsinje wodzaza. Anabwerezanso kachiwiri, kachitatu.

"Linali tsiku la matalala," anatero pomaliza. "Aja anawononga kabichi wa a Jasper."

"Ndikukumbuka."

"Ndinaima apo. Ndinavala juzi yobiriwira. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikugunda pamalo amenewa, ndiye tsiku limenelo chinangotseguka. Mizere itatu yokha. Yaifupi. Ndinavina ngoma ndekha muno. Ndinaponda mpaka fumbi."

"Ndinamva. Ndinkayesa mukupha khoswe."

"Juzi ndikuikumbuka. Matalala ndikuwakumbuka." Anagogoda chipumi chake ndi chala. "Mizereyo mulibe."

Lufina sananene kuti ibwera, chifukwa sankadziwa ngati ibwera, ndipo mlongo wake sanali mwana. Anaika khala pa bokosi n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Zonse za khoma lachinayi zinkachokera pa mizere itatuyo. Popanda iyo, anatero Hilary, zinali ngati denga lopanda mzati.

Njinga yamoto yahayala inalira kumsewu dzuwa lili pamutu. Emma anali mkazi wa zaka za m'ma makumi anayi, wamfupi, wa magalasi, mwana wa ku Manjawira amene bambo ake ankagulitsa matumba pa msika. Anavala chitenje pamwamba pa buluku asanalowe pabwalo, n'kugwada popereka moni kwa Lufina.

"Musagwade kwambiri, nkhani yake si yabwino," anatero Lufina, ndipo anamufotokozera zonse ali chiimire pakhonde.

Emma anagwira pakamwa. "Onse anayi?"

"Tabwezeretsa awiri ndi kachidutswa. Zolembazo ndi zanga, musaseke."

M'katimo Emma anagwira dzanja lamanzere la mphunzitsi wake ndi manja awiri. Sanathe kubisa kudzidzimuka poona mmene anathera, ndipo Hilary anaona kuti waona. Kenako anatembenukira ku khoma lakum'mawa, chikwama chikadali paphewa, n'kuyamba kuwerenga.

Anawerenga kwa ola lathunthu. Nthawi zina ankafunsa m'Chingerezi, Hilary n'kuyankha mawu awiri kapena atatu. Lufina sankamva, choncho ankawerenga nkhope. Pa khoma loyamba Emma ankangogwedeza mutu ngati munthu woyenda njira yakwawo. Pakati pa lachiwiri anasiya kugwedeza. Anavula magalasi, kuwapukuta, kubwerera mmbuyo mizere inayi, n'kunena kanthu motsitsa kamene sikanali funso. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwa pansi, iye osachitola.

Anafika pa mzere wachisanu ndi chimodzi wa khoma lachitatu. Pansi pake panali mtsiro wosalala mpaka pansi.

"Apa panali chiyani, a Pulofesa?"

"Mizere itatu."

"Inatheka? Munadutsa pamenepa?"

"Ndinadutsa."

"Mukuikumbuka?"

Lufina anayang'ana mlongo wake. Ankamudziwa kuyambira ali wosavala. Anali munthu amene anayenda ndi malungo kuchoka kusukulu mpaka kunyumba osauza aliyense kuti akudwala, munthu amene sanapemphepo njira ngakhale atasochera. Anaona mawu akuti "mawa" akukonzeka pa milomo yake. Akanawanena, Emma akanajambula makoma awiri ndi theka, n'kukwera njinga yake, ndipo iwo awiri akanatsala muno kudikira mizere itatu mpaka mmodzi wa iwo ataikidwa m'manda.

"Ayi," anatero Hilary. "Yapita."

Emma anawerama, n'kutola chikwama, n'kuyamba kutulutsa kamera. "Ndijambule zomwe zilipozi. Mwina mukapuma..."

"Achemwali. Mupatseni khala."

Emma anaima. "Munati ndisakhudze."

"Ndinatero."

"A Pulofesa, anthu akuluakulu agunda pamalo amenewa n'kubwerera. Ine ndili ndi makalasi anayi ndi ana awiri. Zikhoza kunditengera zaka. Mwinanso osapeza n'komwe."

"Ine zinanditengera zisanu ndi ziwiri." Anapuma, kusonkhanitsa mawu otsatira. "Ndipo ndinalibe wondiuza kuti njira ilipo. Iwe ndikukuuza. Ilipo. Ndinaiona ndi maso anga. Ndi yaifupi."

"Mukukumbukako chilichonse? Ngakhale mmene inayambira?"

Hilary anaganiza. "Sindinapite kutsogolo. Ndinabwerera. Pali chinthu pa khoma loyamba chimene tonse timachitaya poyesa n'chopanda ntchito. Chiti, sindikudziwa."

Emma anatembenuka kuyang'ana khoma loyamba, lonse lathunthu, zilembo mazanamazana za dzanja la Lufina. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wasenzetsedwa katundu ali chiimire.

Lufina anadzuka, n'kusankha khala lalitali m'mbale, n'kumuika m'manja.

"Muzigwira chopendeka, mukaimika limathyoka. Mukalakwitsa musafufute ndi madzi, pali kansanza apo. Ndipo jambulani kaye zilipozi musanayambe, ndatopa nazo ine zoika mazira onse pakhoma."

Emma anajambula makoma atatuwo, chigawo ndi chigawo, ndi kachidutswa ka kuseri kwa bokosi komwe. Atatha anavula nsapato, n'kukwinya chitenje m'chiuno, n'kukaima pa chiyambi penipeni pa khoma lakum'mawa.

"Tiyambire pano," anatero. "Mundiuze chifukwa chake pa mzere uliwonse. Osadumpha, a Pulofesa, ndimakudziwani."

"Mwana wamwano," anatero Hilary. "Werenga."

Lufina anawasiya. Panja wa njinga yamoto anali akudikirabe pansi pa mtengo wa pichesi, chipewa chili pa bondo.

"Pitani, bambo," anamuuza. "Mlendoyu sabwerera lero."

Kenako anapita kukhola kukagwira nkhuku ya a Sheila.